Nsalu Yoswalirapo ya Amayi Isagawidwe Patatu

Moscow, Lachiwiri

Holbuvi mng'ono wanga,

Mwagwirizana zogawa nsalu yoswalirapo ya amayi patatu, ndipo iwe wavomera osandifunsa. Ndamvera kwa mwana wanga Ergash, iyenso anazitola pamsika kwa anthu akwathu. Ine mkulu wako ndizimva za m'nyumba ya bambo anga ngati mlendo?

Moni ndikupatsa ndithu, poti ndinaleredwa. Uli bwanji ku Nurata ndi msana wako uja? Ine kuno miyendo yatupa, nsapato sizikulowa, ndipo dokotala waletsa ndege ndi sitima yomwe. Ndimangokhala pamwamba pa nyumba yosanja ngati nkhunda. Ergash amalawirira kukaphika buledi, pobwera amakhala wosalankhulika. Akundilembera ndi Mavluda wa khomo loyandikana nafe, ndamuuza alembe mmene ndikulankhuliramu, asakometse. Foni ndaisiya dala, chifukwa iwe ukamva mawu anga umayamba kulira n'kudula.

Ndamva kuti nzeruyi ndi ya Davron, mwana wa mlamu wathu Sanobar. Akuti poti nsaluyo ndi ya zidutswa zitatu zolumikiza, pa sadaka ya malemu achimwene Loweruka lino angomasula misoko, china iwe, china ine, china mayi ake, mkangano uthe. Akuti amuna onse anagwedeza mitu kuti mwanayu waganiza bwino. Amuna oti singano amangoidziwa ikawabaya.

Koma iwe, Holbuvi, unakulira pafupi ndi nsalu imeneyo. Zidutswa n'zitatu chifukwa kale nsalu ankaomba yopapatiza. Wojambula ankazilumikiza n'kujambula maluwa ndi kabango, kenako ankamasula, mkazi aliyense n'kutenga chake kukapeta kwawo. Agogo awo a amayi anapeta chapakati, achemwali awo awiri zam'mbali. N'chifukwa chake kufiira kwa kumanja sikufanana ndi kwa kumanzere, aliyense anaviika silika mumphika wake. Atabweza pamodzi anapetanso pamwamba pa misoko kuti nthambi zikumane. Kodi Davron waitembenuza n'kuona zimenezo? Palibe chomasula pamenepo, mwana wa amayi. Adzachita kudula ndi sizasi, pakati penipeni pa zipatso za makangaza zopetedwapo. Ulusi wakuda wa pansaluyo unafumbwa kale, ukangoukoka umayoyoka ngati phulusa.

Tsono mudzatenga chiyani? Chikhomo chosongoka chopetedwa pansaluyo, chimene timalozetsa ku Maka poswali, chili pa zidutswa zonse zitatu. Wapakati adzatenga nsonga yopanda mizati, enafe mzati umodziumodzi. Ndani anagwetsapo mphumi pa mzati umodzi? Zidzathera kuvindikira buledi.

Ukukumbuka bambo wa ku Bukhara wogula zakale uja, amene amayi anamupatsa tiyi koma nsalu n'kumukaniza. Anaiyang'ana padzuwa nati mulibe utoto wa m'sitolo umene unabwera ndi sitima ya anthu a ku Rasha, zonse ndi mizu ndi makoko a makangaza, ndiye kuti ndi yakale kuposa njanji. Anatinso timaluwa take tinatengera nsalu za ku India zimene amalonda ankabwera nazo pa ngamila. Kaya, ine ndimaonapo maluwa a m'dimba mwathu. Koma chinthu chapirira nkhondo, njala, ndi zaka zija amayi ankachibisa m'kati mwa chofunda kuopa aboma oletsa kupembedza, chikafere m'manja mwa Davron tsiku la mpunga ndi nyama?

Ukanena kuti ndinayambitsa ndine. Inde ndinanena kuti nsalu ya akazi a kwathu singakhale ndi mkazi wobwera, ndipo ndinamuuza Sanobar pamaso kuti zopeta zake zimaoneka ngati nkhuku yapalasa. Iye anayankha kuti amayi anawasambitsa ndi iye zaka zonse ndili ku Moscow kudya soseji. Soseji ine sindidya, Mulungu ndi mboni. Sindikubweza mawu, nsaluyo ndi yanga, ndine mwana wamkazi woyamba.

Kuno ndimaswali nditakhala pampando, mapazi ali pa kamkeka ka kufakitale koterera ngati pepala la shuga. Chiyambire kudwala ndakhala ndikudziuza kuti ndidzabwera, ndipo tsiku langa likadzakwana nsaluyo idzafunda chithatha changa monga inafundira cha amayi. Chimvereni za sizasi chakudya sichikutsika. Mavluda akuti ndipume kaye, koma nthawi palibe.

Imva tsono. Gawo langa sindikulifuna, ndipo lako ulisiyenso. Sanobar atenge yonse, yathunthu. Aipinde molakwika mmene amachitiramo, aiike m'bokosi lake lonunkha mankhwala a njenjete, adzapatse mdzukulu amene akufuna. Akakana kudzandifunditsa ndikadzafa, akane, ndidzapita ndi bulangete. Usakamuuze kuti ndagonja. Ukangoti Tursunoy wati ikhale ndi iwe, osawonjezera kanthu, ndipo akayamba kuseka utuluke.

Moni kwa alamu amuna ako, kwa ana ako ndi azipongozi ako, ndi kwa azakhali a ku chitsime ngati akumvabe. Kwa Sanobar moni upereke wako.

Kalatayi ikubwera ndi Ravshan woyendetsa galimoto, akwera ndege mawa ndipo akupeza Lachinayi. Holbuvi, usadikire Loweruka, usadikire amuna ako abwere kumunda. Ravshanyo akangomaliza kukuwerengera, vala mpango upite kwa Sanobar. Ukaiike nsaluyo m'manja mwake pamaso pa Davron, umuuze mnyamatayo kuti palibenso chogawa. Ukachoke utaona ndi maso ako kuti bokosi latsekedwa.

Ndine mkulu wako,
Tursunoy