Mpando wa Kumanzere

Lolemba, 6 Meyi

Hedley wanena lero kuti ku Le Mans sapitanso. Wanena akupaka jamu pa buledi, osandiyang'ana n'komwe. Akuti galimoto agulitsa, hema apereka kwa adzukulu, nkhani yathera pompo.

Sinathe ayi. Chikwatiranireni, Juni aliyense timachoka kuno ku Halifax ku England, n'kuwoloka nyanja kupita ku France kukaonera magalimoto akuthamanga usana ndi usiku, ndipo bamboyu chaka chonse amakhalira masiku amenewo. Sitiroko ya mu Januwale inamulanda mwendo wamanja ndi laisensi. Maso, makutu ndi makani inamusiyira. Ndikamulola kuti atsale chaka chino, ndikudziwa, pa mpando wa pazenera uja sadzadzukaponso.

Ndamuuza kuti ndiyendetsa ndine. Akuti, "Ine si katundu woti uzingondinyamula." Ndati katundu sayankha chonchi.

Tipita basi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndaitulutsa Triumph, galimoto yathu yakale ija, m'galaja, ndapita nayo ku Hebden Bridge n'kubwerako. Giya yachiwiri imafuna kuinyengerera, koma tamvana. Polowa pageti ndinaona katani ikugwedera. Hedley amasuzumira.

Lachinayi, 9 Meyi

Wilf ndi mkazi wake Noreen, anzathu a ulendowu chaka ndi chaka, abwera masana kudzakambirana za powolokera. Mapu pathebulo, tiyi, makeke a Noreen ouma aja. H. pampando wake, nkhope yabisala kuseri kwa nyuzipepala.

Wilf akuti Dover mpaka Calais. "Pamadzi kanthawi kochepa, tiyi asanazizire mwafika. Ukatsika ndi msewu waukulu wokhawokha, ungoponda osakhota."

Noreen akuti, "Usamumvere uyu, amakondera Calais mowa wotchipa. Iwe Glenys usadzizunze, kwera sitima ya ku Portsmouth ukatsikire ku Caen. Pamadzi mpatali, koma ukatsika wafika kale."

Wilf anayambanso za sitima yodutsa pansi pa nyanja, Noreen akuti iye sanafe kuti alowe pansi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinawasiya atope, kenako ndinaika chala pa mapu: Newhaven mpaka Dieppe, ndiye msewu wakale wodzera ku Rouen, Bernay, Gacé ndi Alençon.

Wilf: "Wazungulira mutu kodi? Msewu umenewo ndi wa malole ndi mathirakitala okhaokha!"

Ndicho ndikuufunira, koma sindinanene. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndipo ku France amayenda mbali ya kumanja. Ukakhala kumbuyo kwa lole, woyendetsawe uli cha kungalande, kutsogolo suonako. Woona ngati kukubwera galimoto ndi wokhala mpando wa kumanzere. Zaka zonsezi wonena kuti "dikira" kapena "pita" ndakhala ndili ine, Hedley n'kumakadzitama kumowa kuti wapitirira malole ambirimbiri. Chaka chino mpando umenewo ndi wake. Pa msewu waukulu akhoza kungogona. Pa wakalewo ndizimufuna pakona iliyonse, ndipo munthu wofunika sadzitcha katundu.

Nzeru zimenezi ndadzipatsa ndekha malikisi onse.

Lamlungu, 12 Meyi

Matikiti ndagula. Ndinamuuza akutsuka mano kuti asathe kuyankha.

Pa nkhomaliro, mwadzidzidzi: "Dieppe? Bwanji osati Caen?"

Ehe! Munthu wosapita safunsa za doko. Ndinati ku Dieppe nsomba zake n'zokoma. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti apita ulendo uno wokha poti matikiti sabwezeka, koma tikabwerako galimoto ikupita kwa wogula. Ndinangoti chabwino, n'kumuwonjezera mbatata.

Lachiwiri, 11 Juni

Tanyamuka. Tagona ku Lewes kwa msuweni wanga Hazel, pafupi ndi doko. Ulendo wonse wotsika England ndayendetsa bwinobwino, msana wokha ndiwo ukudandaula.

M'mawa tisananyamuke Wilf anabwera kudzamata manambala a mpikisano pa zitseko za galimoto monga timachitira, ndi timapepala pa magetsi akutsogolo kuti tisakathobwe Afalansa m'maso. Imeneyi ndi ntchito ya Hedley. Amaigwira ndi rula, lilime lili panja, ndipo wina akaikhudza pamakhala mlandu. Lero Wilf wamata nambala yopendama moonekeratu, H. ataimirira pomwepo ndi ndodo yake, osanena kanthu. Zimenezo zandiwawa kuposa makani ake onse.

Wilf ndi Noreen alowera ku Dover. Tikakumana kumsasa wa ku Le Mans Lachinayi.

Lachitatu, 12 Juni, ku Bernay

Nyanja inali phee. Pamzere wolowera m'sitima panali magalimoto akale ambiri, onse manambala pa zitseko, onse ulendo umodzi. Anyamata ena achikulire a ku Kent anazungulira Triumph. Wina akuti kwa Hedley, "Bambo, makina awa mumawasamala bwanji? Ngati atuluka dzulo m'fakitale!" Kale funso limenelo likanatichedwetsa kukwera. Lero akuti, "Funsani adalaivala," n'kukweza galasi.

Potsika ku Dieppe ndinkadziimbira chamumtima: kumanja, kumanja, kumanja. Pa misewu yozungulira ndinalowa ngati ndinabadwira konkuno. Mu Rouen sindinasochere ngakhale pamodzi, pomwe H. amasocheramo chaka chilichonse n'kumanamizira zikwangwani.

Titatuluka mu Rouen, lole ya mitengo kutsogolo, ikukwawa. Nthawi yanga yakwana.

"Hedley, kutsogoloko kuli bwanji?"

Hedley anangopinda manja.

"Ndati kukubwera galimoto? Ine sindikuona."

Anayankha akuyang'ana minda. "Glenys, ndakalamba nawe limodzi. Ndikudziwa chimene wasankhira msewu uno. Ndi kantchito kopatsa mwana kuti asalire m'galimoto. Sindikafuna."

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa amanena zoona. Tinayenda kumbuyo kwa lole ija mpaka ku Bernay, tikupuma utsi wake, aliyense ali ndwii.

Wandigwira, inde. Koma nyanja wawoloka, ndipo panopo akuliza mkonono m'dziko la France. Zotsalazo ndithana nazo ndekha. Kuyendetsa kuno n'kosavuta, amunawa amangokokomeza kuti tiziwapatsa ulemu.

Lachinayi, 13 Juni, kumsasa



Kunacha bwino. Tinanyamuka dzuwa likuwala, denga la galimoto titatsitsa, ine mtima uli m'malo. Titadutsa Gacé tinafika pa kamudzi kena, ndipo ndinaona sitolo ya buledi kumanzere kwa msewu. Ndinawoloka n'kuimika pakhomo pake penipeni kuti H. asadikire padzuwa. Ndinagula buledi wautali uja, wotentha, ndipo mayi wogulitsayo anandimva Chifalansa changa osandibwerezetsa. Ndinatuluka ndikudzimva.

Mumsewu munalibe galimoto ngakhale imodzi. Ndinaliza injini, n'kunyamuka, ndikumusimbira H. za mayi uja. Zonse zinali bwinobwino, ngati ndikupita kumsika kwathu ku Halifax. Ndiye vuto lakelo. Ndinali kumanzere.

"Kumanja! Glenys, kumanja!"

Mawu amenewo, aakulu choncho, ndinawamva komaliza Januwale asanafike. Dzanja lake linali kale pa chiwongolero, likukankha. Pakona panatulukira lole ya mkaka, hutala ili pakamwa. Inadutsa pambali pa Hedley penipeni, mphepo yake mpaka kumuvula chipewa. Dalaivala wake anatulutsa mkono n'kutiuza zambiri zosafuna womasulira.

Ndinaimika m'mbali mwa munda. Buledi anali pansi, wothyoka pakati. Ndinalira, ine amene sindinalire ngakhale kuchipatala kuja.

"Ndikanakupha," ndinatero. "Ndakukokera kuno ndi nzeru zanga, ndikanakupha."

Anandisiya ndilire kaye. Kenako akuti, "Aliyense wa kwathu amachita zimenezi. Si tsiku loyamba ayi, tsiku loyamba munthu amakhala ndi mantha. Ndi m'mawa wachiwiri, pochoka pa sitolo, msewu uli zii. Ukuganiza ndimayang'ana chiyani chichokereni ku Bernay? Ng'ombe?"

Ndinati ndiye bwanji sunandichenjeze. Akuti, "Ungauzidwe iwe?"

Anaponya ndodo yake kumbuyo, n'kutulutsa mapu ndi magalasi, n'kunyema buledi uja, chidutswa chachikulu n'kundipatsa ine. "Idya. Ukatha tiye. Pochoka pano uyang'ane kumanzere kaye."

Kuchokera pamenepo mpaka ku Alençon kamwa silinatsekeke. Chepetsa. Giya yachitatu, ukuipha injini. Usayandikire kwambiri lole, ndisiyire poonera. Dikira, dikira, kukubwera yoyera. Tsopano ponda! Ndinkaponda. Pena ndinkafuna kumutsitsa ayende pansi.

Tafika kumsasa dzuwa litapendeka. Mahema a anthu a kwathu ali ponseponse, mbendera, fungo la soseji, ndipo kuseri kwa mitengo magalimoto a mpikisano akuyeserera, kulira kwake mpaka m'chifuwa. Wilf ndi Noreen anafika kale, hema wathu atatiimikira.

Wilf anabwera ndi mabotolo awiri. "Nanga msewu wa mathirakitala uja mwauona bwanji?"

Ndinadikira kuti za lole ya mkaka ziyambe kufalikira msasa wonse. Hedley anatsika yekha, atagwira chitseko, n'kulandira botolo.

"Msewu wachabechabe," anatero. "Mkazi uyu kuyendetsa amatha, koma kusankha njira sadziwa. Chaka chamawa tidzawolokera ku Caen, ndipo matikiti ndidzagula ndine."

Noreen anandiyang'ana. Ine ndinalowa m'hema ngati ndikufuna machesi.