Tadala Wayeretsa Dzina la Bambo Awo a Mayi Shirin

Amayi, kumeneko zikukuyenderani bwanji?

Musandikwiyire kuti ndakhala chete chibwerereni kumaliro anu. Kuno tili bwino. Bondo lija likundivutabe kukazizira, koma ndikuyenda. Kumudzi apongozi anu, akazi awo a achimwene a Lameki, anachira mu Epulo. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chimanga akuti chinachita bwino kudimba kokha, kumtunda anangotolako tochepa. Ine kuno ku Annandale, ku America, ndinadzala maungu m'ndowa pakhonde kuti ndizithyola nkhwani, koma agologolo a kuno sadziwa kuti chinthu chili ndi mwini.

Nkhani yomwe yandikhazika pansi lero ndi ya mdzukulu wanu Tadala.

Mukukumbukira mmene ndinakanganirana naye atakana unamwino n'kusankha kuphunzira mbiri yakale. Ndinakuimbirani foni ndikulira. Inu munangoti, "Esinati, mwana ameneyo amafunsa mafunso kwambiri, kuchipatala akatopetsa madokotala. Musiye." Sindinamusiye msanga. Ndiye atapitirira nazo, mutu womwe anasankha ndi womwe unandimaliza: mmene akazembe a mayiko akunja ankaonera boma ndi ndale za ku Perisiya panthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndi Perisiya yemwe uja munkamumva kutchalitchi, lero amati Iran. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, mwana wa ku Ntcheu, za ku Perisiya zikukukhudza pati?" Anandiyankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. Anati dziko lomwe alendo amalemba za anthu ake osawafunsa eni akewo si lachilendo kwa Mmalawi.

Anandifotokozera kuti m'nkhondo imeneyo asilikali a mayiko akuluakulu analowa m'dzikomo. Mfumu anaichotsa n'kuikapo mwana wake, nduna zinkasinthidwa pafupipafupi, malole ndi sitima zinatanganidwa kunyamula katundu wa nkhondo, ndipo m'mizinda buledi anasowa. Akazembe aja ankalemba makalata kwawo kunena kuti nduna yakuti ndi yofooka, uje ndi wochenjera, uje sitingamukhulupirire. Makalata ambiri ali m'mabokosi kunyumba yosungirako zikalata zakale kufupi ndi kuno, ku Maryland. Tadala wathera zaka zitatu mmenemo.

Tsopano mumve zomwe zinachitika. Chaka chatha ndinayamba kusamalira agogo ena ku Rockville, dzina lawo a Mayi Shirin. Adutsa zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo kwawo ndi ku Iran komweko. Ndimawasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwaphikira tiyi wawo wosathira mkaka. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, ndinadandaula za maphunziro a mwana wanga, ndikuganiza kuti tiseka. Iwo sanaseke. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo anga anali mkulu woyang'anira tirigu m'chigawo chathu nthawi ya nkhondo imeneyo. Anawachotsa ntchito. Anthu ankati anabisa tirigu anzawo akufa ndi njala. Kusukulu ankanditchula kuti mwana wa wakuba."

Ndinawafunsa ngati bambo awowo anayankhapo. Anati ayi, anakhala chete mpaka kumwalira. Kenaka anati, "Esinati, ine ndakalamba osadziwa ngati zinali zoona. Ngakhale mwana wanga sindinamuuzepo dzina lonse la agogo ake."

Nditamuuza Tadala, anandichenjeza. Anati, "Mami, mukudziwa kuti ndikhoza kukapeza kuti anabadi?" Ndinapita kukawafunsa agogowo ngati akufunabe. Anati bola kudziwa. Analemba dzinalo papepala m'zilembo zakwawo zija zoyambira kumanja.

Miyezi inayi inadutsa popanda kanthu. Vuto linali lakuti akazembewo ankalemba mayina a eni dziko mmene awamvera, lero mwakuti, mawa mwina. Ndiye mu Febuluwale agogo anadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala. Amayi, ndinaopa kuti atisiya asanamve. Ndinafika pomukalipira Tadala ngati kuti iyeyo ndi amene akubisa makalata onena za bambo awowo. Inu mukanakhalapo mukanati, "Esinati, pakamwa pako pamathamanga kuposa miyendo yako," monga munkandiuzira ndikamabwera kokatunga madzi nditayambana ndi wina.

Agogo anatuluka m'chipatala ali ofooka kwambiri. Patatha sabata ziwiri, Lachinayi masana, ndikuwamwetsa msuzi, foni inalira. Tadala anayankhula Chichewa, ndipo ndinadziwiratu kuti nkhani ndi yaikulu. Anati, "Mami, ndawapeza. Musachoke, ndikubwera."

Anafika ndi mapepala atatu ojambulidwa. Anagwada pafupi ndi mpando wa agogo, monga munamuphunzitsira inu, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono. Anali makalata a kazembe wina. Musaganize kuti ankawayamikira bambo aja. Ankawadandaula! M'kalata yoyamba analemba kuti munthuyu ndi wamakani, wakana kupereka malole a m'chigawo chake kwa asilikali achilendo. M'yachiwiri anati watsegula nkhokwe za boma popanda chilolezo cha akuluakulu ake, wagawira tirigu ophika buledi a mumzinda, ndipo waima yekha pakhomo kuonetsetsa kuti amalonda asamugule n'kukamubisa. M'yachitatu anati nduna yavomera kumuchotsa, ndipo mphekesera yakuti anaba, ngakhale palibe umboni, ithandiza kuti anthu asachite chipolowe.

Agogo anati, "Werenganso yachiwiriyo." Tadala anawerenganso. Anati, "Werenganso." Kachitatuko anayamba kuyankhula chinenero chawo, misozi ikuyenderera, akuyang'ana kudenga. Sitinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinadziwa amene ankayankhula naye, chifukwa inenso ndi zomwe ndikuchita pano.

Kenaka anandituma kuchipinda. Anati ndikatsegule sutikesi ya pamwamba pa kabati, ndikafufuze pansi pa nsalu. Munali chithunzi cha bambo wamasharubu, wovala jekete lomukulira. Anati, "Amenewa ndi bambo anga. Akhomeni apo, moyang'anana ndi khomo, aliyense wolowa aziwaona." Hamala inasowa, ndinakhomera msomali ndi chidendene cha nsapato yanga. Madzulo ake anaimbira mwana wawo wa ku California n'kumutchulira dzina lonse la agogo ake, kawiri.

Nkhani imeneyi Tadala anaiika m'buku lake la digiri, agogo atavomera. Mwezi watha anakaima pamaso pa maprofesa kuti amufunse mafunso, ndipo ife anatilola kukhala kumbuyo. Ndinavala chitenje chanu chobiriwira chija. Mmodzi wa iwo, wa ndevu zoyera, anamufunsa chifukwa chake akukhulupirira kalata ya mlendo, pamene iye yemwe walemba kuti alendowo sankawamvetsa eni dziko. Tadala anayankha kuti sakhulupirira kazembe akamayamikira munthu, koma akamadandaula kuti munthu wamukanira, pamenepo amakhala akunena zomwe zinamuchitikiradi. Bamboyo anagwedeza mutu n'kulemba kenakake. Anatitulutsa kwa kanthawi, ndipo potsegula chitseko anamutchula kuti Dokotala.

Amayi, ndinalulutira! M'khonde la yunivesite ya ku America, anthu akusuzumira m'maofesi. Mnzanga wa kutchalitchi, a Mayi Zulu a ku Lusaka, anandithandiza, akuti, "Lekani timvekeko, uyu mwana ativalika maningi!" kutanthauza kuti wativeka ulemu kwambiri. Tadala anabisa nkhope, koma sanatiletse.

Ndikuvomera, inu munaona bwino, ine ndinalakwitsa. Ndamuuzanso iye mwini, ndipo anandikumbatira mpaka bondo linayamba kudandaula.

A Mayi Shirin akadali moyo, ayambanso kudya bwino, ndipo aliyense wobwera, ngakhale wodzakonza mpope, sachoka asanamve za bambo awo.

Ndikulonjeza kuti m'chilimwe chikubwerachi tibwera tonse awiri. Tidzalambula pamanda panu, ndipo Tadala adzakuuzani yekha, m'Chichewa, ngakhale chituluke chopindika bwanji.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ine mwana wanu,
Esinati