Nambala Nazo Zili ndi Ana

Okondedwa achemwali a Evelina,

Mwadzuka bwanji kumudziko? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ku Lilongwe ndili bwino, kungoti sabata yatha ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Paja ndimagwira mu shopu ya a Dawood, pafupi ndi msika waukulu. Mwana wawo Fiza anabweretsa kompyuta yoti izitiuza katundu woti titenge. Koma chinthucho chimatchula mabokosi mwa misala: ikatha 1 chimapita pa 10, kenako 100. Ine ndinali nditasanja mabokosi 250 a misomali ndi mabawuti monga tinaphunzirira ku Sitandade 1, ndiye ndimangothamanga uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, makasitomala akudikira. Bwana anati ndisanjenso motsatira kompyuta lisanafike Loweruka, apo ayi ndikalime kwathu. Ndinayankha kuti kompyutayo inasiya sukulu ine ndisanasiye. Sanaseke.

Fiza ndiye anandimvera chisoni. Anati nambala zimenezi zikuyenda ngati mawu a m'dikishonale, ndipo sindikufunika kuloweza. Ukagwira nambala, uikeko ziro kumapeto, bola isapitirire 250. Zikakanika, uwonjezere imodzi. Ukafika pa nambala yothera ndi 9 kapena pa 250, udule mchira kaye, kutanthauza kanambala kakumapetoko, ndiye uwonjezere imodzi. Choncho ikatha 109 imabwera 11.

Mutu unayamba waima. Kenako ndinaona kuti ndi momwe timaperekera moni pamudzi: 1 ndi bambo, 10 ndi mwana wake woyamba, 100 ndi mdzukulu. Supita kwa 2 usanamalize khomo lonse la 1. Fiza anaseka mpaka kugwira shelefu, nkunena kuti ndi zomwezo. Lachisanu ndinamaliza. Bwana anayendera, anangoti, "Waiphula, Dalton." Ndiye khasu langa lipitirize kupuma.

Pempho langa ndi limodzi: munditumizireko mtedza wosenda kudzera kwa a Shadrick a minibasi, ndikathokoze Fiza. Wofumbwa ayi, mungandichititse manyazi.

Moni ndipereka motsatira ndondomeko ya kompyuta ija. Ayambe amayi, kenako achimwene a Mackford poti ndi oyamba kubadwa, ndi ana awo Thoko ndi Mayankho. Inu achiwiri mudikire pamzere, musakwiye. Akalandira onsewo, wotsalayo ndi wanu ndi alamu.

Ndine mlongo wanu wosachotsedwa ntchito,
Dalton