Matepi a Binali

Lolemba, 5 Ogasiti 1991

Zaka zinayi mwamuna wanga Binali ali ku Joni, osalemba kalata, osatumiza ngakhale sopo. Lero kwafika bokosi. Walitula ndi bambo wina wa ku Khombedza amene wangobwerako kumene. Ndamufunsa ngati a Binali ali bwino, wati ali bwino. Ndamufunsa ngati akubwera, wati basi imusiya.

M'bokosimo muli wailesi ya kanema, makina a vidiyo ndi matepi sikisi, olembedwa 1 mpaka 6 ndi dzanja la B. Ndakutumula, ndang'amba ndi katoni yomwe. Kalata mulibe. Nyumba ino ilibenso magetsi, ndipo mwini wake akudziwa poti anamanga yekha.

Apongozi anga, Abiti Sidiki, akuti mwana wawo si wa zolembalemba, zonse zimene akufuna kutiuza zili m'matepimo.

Ine funso langa ndi limodzi. Shehe anandiuza mwezi watha kuti zaka zinayi zakwana, ndikhoza kupempha kuti ukwati uthe, bola ndipite ndi mboni yakuchimuna. Ahmad wokhoma maboti watumiza kale mawu kawiri kwa amalume. Ndiye ndine mkazi wa munthu kapena ayi?

Lachitatu, 7 Ogasiti

Tanyamula zonse kupita ku golosale ya a Lawson, poti ndiko kuli magetsi. A Lawson ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani, choncho pakhomo aliyense amayamba waonetsa khadi. Atseka mawindo ndi masaka, 2 koloko masana, m'kati kutentha ngati mu uvuni wa buledi. Anthu mpaka pa kauntala. Womasulira ndi Loveness, mphunzitsi, poti sukulu ili pa holide.

Ndi sewero la azungu akalekale. Loveness akuti linachokera m'mabuku atatu aakulu, B. anangojambula pa kanema wa kumeneko. Akazi avala madiresi otambalala moti pansi pake mungabisale mbuzi ziwiri. Amuna tsitsi loyera lopotana mpaka m'mapewa. Ntchito yawo sindinaione, amangoweramirana ndi kumwa tiyi. Maina awo ativuta, ndiye tawapatsa athu. Mwamuna ndi Kaputeni. Mkazi wake ndi Abiti Ambulera, chifukwa amayenda nayo ngakhale kulibe mvula.

Pakati pa tepi a Lawson aimirira n'kulamula kuti tizimitse, ati lamulo la dziko lino sililola mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo iwo sangalole kuti liswedwe m'golosale mwawo. Takambirana theka la ola. Mwamwayi titayatsanso, Kaputeni wavula tsitsi lonse n'kulipachika pa msomali. A Lawson aganiza pang'ono, n'kugamula kuti chimene munthu amavula ndi chipewa. Asendeza mpando wawo kutsogolo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Tepi 2. Kaputeni wakwera chombo wapita, mkazi watsala pawindo. Apongozi andigwira bondo: "Mwaona, make Esha? Akuti sanakusiyeni, wangopita kuntchito."

Kenaka sewero laduka, pabwera mayi akuchapa ndi sopo waufa. Loveness wati n'zotsatsa malonda. Apongozi ati ayi, ndiye kuti Binali akugwira ku fakitale ya sopo. Koma sopoyo akanaponyamo m'bokosi.

Loweruka, 10 Ogasiti

Tepi 3, ndipo lero ndachita manyazi osaneneka. Mwatulukira bambo wina wa chipewa chachitali, tamutcha Chipewa. Amabwera kwa Abiti Ambulera, kukhala pamphepete pa mpando, kunena za nyengo, kumwa tiyi n'kumapita. Katatu konse. Golosale yonse yatembenuka kuyang'ana Ahmad, amene anali kumbuyo pa thumba la mchere. Nayenso akabwera kwathu nkhani yake imakhala ya mphepo ya mwera basi. Wavula kofia n'kuipinda m'manja, ngati vuto ndi kofiayo.

Apongozi akuti Binali akudziwa zonse, ndipo ili ndi chenjezo.

Ndiulule pano poti palibe awerenge: seweroli landigwira. M'mawa ndapsereza mandasi poganiza za mkono wa diresi la buluu la Abiti Ambulera, mmene anaukwinyira paphewa. Komanso amandikwiyitsa mayi ameneyu. Tsiku lonse pawindo! Amadya chiyani? Amene amamugulitsira mandasi ndani?

Lamulungu, 11 Ogasiti

Tepi 4. Chombo chamira.

Asodzi anaziona kale. Chisanachoke padoko anali akukuwa kuti mitambo yotere munthu salowa m'madzi, ndipo chitayamba kupendekeka ena anaimirira kumalangiza Kaputeni kokhotera. Sanamve. Chitamira, apongozi agwa pansi n'kuyamba kulira mwana wawo, amayi ena n'kulandira. Loveness wayesa kukuwa kuti nkhaniyi ndi ya zaka mazana awiri zapitazo, ndiponso sinachitike n'komwe, anangoipeka munthu.

Apongozi adzutsa mutu: "Ngati sinachitike, anaijambula bwanji?"

Loveness, ndi satifiketi yake yonse, wangobwerera pampando wake. A Lawson alengeza kuti mawa kulibe kanema chifukwa cha zovutazi.

Lolemba, 12 Ogasiti

Ndadzuka ndili wamasiye. Amayi atatu abwera ndi nsalu yoyera kuti ndiyambe eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka. Ndati nanga tepi 5 ndikaonera kuti? Ayang'anana, agwirizana kuti eda iyambe Loweruka. Apongozi atumiza kale uthenga ku Maganga kuti kubwere mpunga wa sadaka.

Ahmad wadutsa kudzapepesa. Wati pepani, kenaka wati mwera chaka chino wachedwa kutha.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Tepi 5. Kaputeni ali moyo! Ali pa kachilumba, ndevu mpaka pachifuwa, akudya nkhanu zosaphika. Nthungululu m'golosale, botolo la mafuta ophikira lagwa pa shelefu. Eda yaimitsidwa. Mpunga unali utafika kale, ndiye taphika tadya. A Lawson akuti tsitsi la Kaputeni tsopano ndi lenileni ndipo lapyola muyeso, akangofika kumtunda amete.

Koma pali malo ena amene sindinaseke. Abiti Ambulera sakudziwa kuti mwamuna ali moyo. Watsegula bokosi, watulutsa jekete lake n'kulinunkhiza. Ine ndili nalo jekete la B. pansi pa sutikesi, ndipo fungo linatha chaka chachiwiri. Ndalira mwakachetechete, mdima wa masaka wandithandiza. Ndimamukondabe kapena ndinangozolowera kudikira? Sindikudziwa, ndipo zikundipweteka.

Tepi yathera pamene Chipewa wagwada pansi n'kufunsira, mayi asanayankhe.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Magetsi kulibe. Kudoko anthu agawikana, ena a Kaputeni, ena a Chipewa, ndipo onse akamatsutsana akuyang'ana ine. Amalume ndi apongozi amvana kuti chimene achite Abiti Ambulera mu tepi 6 ndicho chimene Binali akufuna kuti ndichite. Ine sanandifunse. Choseketsa n'chakuti nanenso ndikudikira kuti ndione.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndilembe mwadongosolo, mutu usanandisokonekere.

Tepi 6. Anthu mpaka panja, ena aboola masaka. Abiti Ambulera wavala zoyera, ali pakhomo la tchalitchi, Chipewa akudikira m'kati. Kunyanja kwaoneka chombo. Mayi watembenuka, waponya phazi limodzi. Pomwepo chithunzi chagwedera, mizeremizere, kenaka pabwera chipinda china, mabaluni, nyimbo zaphokoso, keke patebulo.

Apongozi anayamba kunena kuti tsopano ali ku fakitale ya makeke, koma sanamalize. Pakati pa chithunzi panali Binali. Weniweni, wa mpata m'mano. Wanyamula kamwana kovala chipewa chapepala, pa keke makandulo awiri. Pambali pake mayi wamtali akumupukuta kirimu pachibwano ndi chala, mmene munthu amapukutira chinthu chake.

A Lawson anauza Loveness kuti amasulire, iye anati ndi Chizulu, komanso palibe chofunika kumasulira. Apongozi anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena mawu amodzi okha: "Wanenepa."

Tinaonera mpaka kumapeto, mphindi makumi anayi za anthu osawadziwa akudya keke, poganiza kuti mwina sewero libwerera. Silinabwerere. Kaya anachita dala poopa kulemba, kaya anangotola tepi imene inali pafupi tsiku la phwando, sindidziwa. Anthu anatuluka mmodzimmodzi osandiyang'ana, koyamba sabata yonse ino. Ahmad anandinyamulira beseni la mandasi mpaka pakhomo ndipo sananene chilichonse cha mwera.

Ndakwiya, ndipo ndikuchita manyazi kuti mkwiyo wina ndi wa seweroli. Zaka zinayi wandidikiritsa, n'kufufutanso mathero.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Sindinatuluke. Jekete ndapatsa amalume, lawakwana.

Loweruka, 17 Ogasiti

M'mawa ndikusesa, ndangoona apongozi pachipata, atavala nsalu yawo ya pa Idi. Maso otupa. Ati, "Valani, make Esha. Shehe anati mubwere ndi mboni yakuchimuna. Ine ndine wakuchimuna."

Tayenda mpaka kupyola pa thandala za usipa. Dzuwa linali litayamba kuwawa, ndiye ndinatsegula ambulera yanga yakale yothyoka nthiti imodzi, tonse awiri pansi pake. Kudoko anthu anasiya ntchito kutiyang'ana, koma palibe anaseka.

Tili pafupi ndi mzikiti apongozi anaima.

"Koma Kaputeni uja anafika?"

"Sanafike, amayi."

"Mwadziwa bwanji, poti tepi inaduka?"

"Ndaimaliza ine."

Anagwedeza mutu movomereza, n'kuyamba kuvula nsapato.