Mabuku a Bambo Sanafike Pamkeka

Nsabwe, Thyolo

Okondedwa achimwene a Mervin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu a Ester. Kuno tiliko, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe. Mvula yayamba, tiyi waphukira.

Mukundidziwa, sindizungulira. Loweruka tinagawa katundu wa malemu bambo. Amalume a Benard anayala mkeka pakhonde n'kuikapo zonse: njinga, wailesi, jekete la ku esiteti, ngakhale chikwanje chodulira tiyi. Aliyense analandira kake. Kenaka anafunsa za mabuku, poti bambo anasiya mawu akuti apite kwa chitsiriza wathu Angella, amene akukayamba kozi ya uphunzitsi.

Ine ndinadzuka monyada, tabuleti ya bambo m'manja, n'kuyatsa pamaso pa mbumba yonse. M'menemo munalibe kanthu. Uthenga wokha, woti akaunti yatsekedwa.

Amalume anaitembenuza uku ndi uku, nati chinthu chosayalika pamkeka si chuma. Azakhali anafunsa ngati digiri yanganso ili momwemo. Anthu anaseka, Angella yekha ayi.

Mlandu wanga ndikuuvomera. Ndine ndinakakamiza bambo. Nditangobwera ku yunivesite, mabokosi a tiyi aja odzaza mabuku onunkha chinyezi ankandinyansa. Ndinkawauza kuti chiswe chiwamaliza, dziko lapita patsogolo. Inu munatumiza tabuleti, n'kuwagulira mabuku omwewo pa intaneti, n'kulumbira kuti ndi awo mpaka kalekale. Apepalawo ndinakatula ndekha kwa a Swaibu ogulitsa nsomba ku Goliati, anakulungira usipa. Tsiku limenelo bambo anangokhala akupukuta magalasi.

Koma Lolemba ndinalembera kampani yogulitsa mabukuyo. Yayankha kuti patangopita masiku atatu chiikire maliro, wina anatumiza chikalata cha imfa, kupempha kuti mabuku asamukire m'dzina lake. Dzinalo ndi lanu, achimwene. Ife tili pasiwa! Akuti bambo sanagule mabuku, anagula chilolezo chowerenga basi, ndipo chilolezocho sichisiyidwira mwana. Ndiye anatseka. Mukanangokhala chete, bwenzi Angella akuwerenga lero.

Kampaniyo inatipusitsa tonse. Koma iyo si mwana wa bambo athu a Dickson ngati inu.

Pempho langa ndi limodzi. Popita ku Joni munatenga buku la ulimi wa tiyi lija lachikuto chobiriwira, limene bambo ankalembamo m'mphepete masiku odulira tiyi ndi masiku athu obadwa. Lotsala ndi lokhalo. Musandijambulire pafoni. Likulungeni mupulasitiki, mupatse dalaivala wa basi, ndikalichingamira ku Limbe.

Amalume akana kupinda mkeka. Akuti mwambo sunathe mpaka Angella atolepo gawo lake ndi manja. Uli chiyalire pakhonde, amayi amaulambalala m'mawa uliwonse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, akufewetseninso mtima.

Ndine mlongo wanu,
Hazel