Makope a Bambo m'Machubu a Mbande

Lachisanu

Daudi 07:42
sheila, katoni inali kuseri kwa kabati ya amayi ija waiona?

Sheila 07:50
ya mapepala akale? ndinatenga last wk achimwene, ya project

Daudi 07:50
project itinso

Sheila 07:53
machubu a mbande aja. timanyika mapepala, kusinja ndi mankhusu a mpunga, kumata ndi phala la chinangwa. amaola okha mdothi osati ngati apulasitiki

Daudi 07:54
pansi pake panali makope a malemu bambo. nyimbo zonse ankapekera kwaya zija. akwaya akufuna aziyimbe lamulungu povundukula chiliza

Daudi 07:54
unawachotsa eti?

Daudi 08:15
sheila

Daudi 08:31
📞 missed call

Sheila 08:49
ndathamangira ku lab ya koleji ku chirunga. pamwamba panali nyuzi ndi ma past paper anga aku sekondale ku masongola. ndinangokhuthulira mu dramu osayang'ana

Daudi 08:49
atsalapo?

Sheila 08:52
🎤 voice 0:11

Daudi 08:53
ndikungomva kulira. lemba

Sheila 08:58
palibe. machubu 300, tinakweza kuphiri dzulo, tadzalamo paini. atsala 6 a display

Sheila 09:01
pa chimodzi pakuoneka handwriting yawo. mawu amodzi okha, "ndidzapuma"

Daudi 09:03
amayi atembenuza nyumba yonse kuno. akuti mwina ine ndinapatsa ogulitsa mandasi kuti azikulungira. zimenezi sindikusenzera

Sheila 09:04
plz musawauze kaye, ndikuopa. bp yawo mukuidziwa

Sheila 09:30
achimwene plz

Daudi 10:17
Ndine mayi ako. Daudi wandiwerengera zonse.

Sheila 10:18
amayi pepani. ndalakwa, ndilibe pothawira

Daudi 10:26
Bambo ako analemba zimenezo zaka 22. Ngakhale chiswe ndinachiletsa ine.

Sheila 10:27
pepani amayi

Daudi 10:41
Zinthu zakozo zimaola pakapita nthawi yaitali bwanji?

Sheila 10:42
zikanyowa miyezi itatu. zouma zimakhalitsa

Sheila 11:35
mulipo?

Daudi 13:06
Chili ndi dzanja la bambo akocho ubwere nacho. Uchimange mu jumbo ziwiri, kuphiri kwada mitambo.

Sheila 13:07
ndibwere lero lomwe?

Sheila 13:52
amayi?