Kapepala ka a Namakhwa

Lachiwiri, mwezi wa Julayi. Chiperoni tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Khadi ya netiweki ya kompyuta yakale ya kusikelo inapsa m'mawa. Ndinapeza ina m'kabati, n'kuyika, n'kuyatsa. Basi sikelo inangoti zii. Amayi othyola tiyi anaima pamzere mpaka masana, madengu kumsana, akunjenjemera. Mmodzi anandifunsa kuti, "Achemwali, kodi a Namakhwa sanakusiyireni nzeru?"

A Namakhwa ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Tinawaika m'manda mwezi watha kwawo kwa Mphuka.

Chipangizo chilichonse chimaitana purosesa, ubongo wa kompyuta, kudzera pa nambala yakeyake yotchedwa IRQ. Makompyuta amakono amagawa okha manambalawa, ndipo kakompyuta kakang'ono ka mtundu wa ARM ka ku ofesi kamangowerenga m'fayilo. Koma yakaleyi imafuna munthu asunthe ndi dzanja kajampa, kachivindikiro kakang'ono kosankhira nambala pakhadi. Ine ndinaiwaliratu. Khadiyo inali pa 3, nambala ya sikelo, ndiye ziwirizi zimalimbirana khomo limodzi.

A Namakhwa ankandiuza zimenezi kambirimbiri, ine n'kumaseka kuti makinawa atayidwa posachedwa.

Nditatembenuza chivundikiro cha kompyutayo, ndinapeza kapepala komata ndi selotepi, m'zilembo zawo zopendekera zija: "Sikelo 3. Khadi 10. Mwanangu, ukasintha khadi uyambe wayang'ana jampa."

Ndinasunthira kajampako pa 10, zonse zinayenda. Ndinatulutsa foni kuti ndiwauze kuti zatheka. Nambala yawo idakalimo. Kufufuta ndikulephera.